Soul Vegetarian ku Atlanta: kumene nkhuli ya amalume inakumana ndi mbale yopanda nyama

Amalume anga ndi munthu wa nkhuli, ndipo iwo eni sakana. Pa zaka zonse zimene akhala mumzinda wa Atlanta, m'chigawo cha Georgia ku America, sindinawaonepo akusamba m'manja kuti adye chakudya chopanda nyama, nkhuku kapena nsomba, chifukwa kwa iwo ndiwo zamasamba zokha ndi chikumbutso cha masiku a usiwa amene anawasiya kumudzi. Dokotala atawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri ndiponso kuti shuga wayamba kukwera, akazi awo anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Soul Vegetarian, malo odyera a anthu akuda amene saphika chilichonse chochokera ku nyama, poganiza kuti mwina angamvere mwana wa mlongo wawo kuposa mmene amamverera a m'nyumba. Tinapitako masana, ndipo ine ndabwererako kawiri ndili ndekha, kotero zimene ndikulemba pano ndi zimene ndinalawa pa maulendo atatu, pamodzi ndi ndemanga za munthu amene anapitako chokokedwa.

Malowa ali pamsewu wa Ralph David Abernathy Boulevard m'dera la West End, kumwera chakumadzulo kwa pakati pa mzinda, ndipo wotsika sitima ya MARTA pa siteshoni ya West End amafikapo atayenda pansi mphindi zochepa. Msewuwu unapatsidwa dzina la m'busa amene anali mnzake wapamtima wa Martin Luther King Jr. pomenyera ufulu wa anthu akuda, ndipo tchalitchi chimene ankatumikira, West Hunter Street Baptist Church, chili pamsewu womwewu. Chakumpoto pang'ono kuli sukulu zaukachenjede za anthu akuda za Morehouse, Spelman ndi Clark Atlanta. Ndatchula zimenezi chifukwa amalume, monga anthu ambiri akwathu, ankakhulupirira kuti kusadya nyama mwadala ndi chibwana cha azungu okhuta, pamene lesitilantiyi ili pakatikati pa mudzi wa anthu akuda ndipo odyamo ambiri ndi eni mudziwo.

Mawu akuti vegan, amene anayambitsidwa ku England mu 1944 ndi Donald Watson ndi anzake, amanena munthu amene sadya nyama, nsomba, mazira, mkaka ndi zonse zopangidwa kuchokera ku mkaka, ndipo ambiri a iwo sadyanso uchi. Kwathu tikanawonjezera kuti sadya mbewa, ngumbi, ngakhalenso kausipa kaja kamene mayi amaponya mumphika wa masamba kuti anunkhire. Koma eni malowa sanatengere kadyedwe kawo kwa Watson. Soul Vegetarian inayamba mu 1979, ndipo ndi ya gulu lachipembedzo la African Hebrew Israelites of Jerusalem, limene linayambira ku Chicago motsogozedwa ndi Ben Ammi Ben-Israel, amene dzina lake lobadwa nalo linali Ben Carter ndipo anamwalira mu 2014. Mu 1967 iye anatenga anthu ake mazana angapo n'kupita nawo ku Liberia, ndipo kuyambira mu 1969 anayamba kusamukira ku Israel, kumene anakhazikika m'tauni ya Dimona m'chipululu cha Negev. Iwo amawerenga Genesis 1:29, pamene Mulungu anapatsa munthu zomera zobala mbewu ndi mitengo yobala zipatso kuti zikhale chakudya chake, ngati lamulo la kadyedwe limene silinathe ntchito. Amalume, amene ndi mkulu wa mpingo, anayamba kutsutsa tisanalowe n'komwe, akumandikumbutsa kuti Nowa analoledwa kudya nyama chigumula chitatha, koma m'katimo panalibe amene anatilalikira, ndipo mkanganowo unathera pakhomo chifukwa chosowa wotsutsana naye.

M'kati mwake ndi mosadzionetsera. Si malo opitako kukajambulitsa zithunzi zoika pa Instagram, koma ndi malo amene munthu amalowa ali ndi njala n'kutuluka atakhuta, ndipo pa maulendo anga onse ndinaona anthu ovala zakuntchito, ophunzira, azimayi achikulire ndi makolo okhala ndi ana, ena akudyera pomwepo ndipo ena akunyamula kupita nacho kunyumba. Otumikira anatilandira mwaulemu, ndipo ataona kuti amalume akuyang'ana mndandanda wa zakudya ngati kalata ya kukhoti, anatifotokozera moleza mtima chimene chili m'mbale iliyonse.

Ndiyambe ndi chimene chinandigwira mtima kuposa zonse, ngakhale kuti pa mndandanda chimalembedwa ngati chongoperekeza, ndicho masamba otchedwa collard greens. Masambawa ali pachibale ndi kabichi ndi chomoliya, ndi aakulu ndiponso okhuthala, ndipo anthu akuda a kumwera kwa America amawaphika nthawi yaitali pamoto wochepa pamodzi ndi mwendo wa nkhumba wowamba pa utsi mpaka afewe, kenako msuzi wake, umene amautcha pot likker, amasunsamo buledi wa chimanga. Kuphika masamba amenewa popanda nkhumba ndiye mayeso enieni a wophika, chifukwa akangowiritsidwa m'madzi amatuluka owawa ngati mankhwala a malungo. A pa Soul Vegetarian anali ofewa koma osasanduka phala, msuzi wake unali wogwira, ndipo ine ndinamvamo anyezi, adyo ndi kakuwawasa kapatali kamene kamadzutsa mudyo. Amalume analawa kamodzi, analawa kachiwiri, kenako anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mphwanga, ukunenetsa kuti m'menemu sanaponyemo fupa?" Ndinawayankha kuti, "Amalume, muno fupa silidutsa pakhomo." Sanayankhe, koma mbale ya masambayo anaikokera kumbali yawo.

Buledi wa chimanga uja, amene iwo amamutcha cornbread, Mmalawi aliyense angamuzindikire asanauzidwe dzina, pakuti ndi m'bale wake wa chigumu ndi chikondamoyo, ndipo wa pano, ngakhale alibe mazira ndi mkaka, sanali wouma kapena wonyenyeka m'manja. Mbatata zofiira m'kati, zimene kumeneko amazitcha yams ngakhale kuti si chilazi, zimaphikidwa motsekemera malinga ndi mwambo wa kumwera konse, kotero munthu wozolowera mbatata yowiritsa yomwera tiyi amadabwa kuziona zitaikidwa pambali pa ndiwo, ndipo wodwala shuga ayenera kutapa mochepa. Mpunga wosakonola bwino, uja wofiirira, ulipo kwa ofuna chokhutitsa.

Chimene chinatchukitsa malowa ndi kalebone. Dzinali lisakunamizeni, chifukwa m'menemo mulibe masamba otchedwa kale pa Chingerezi ndipo mulibe fupa, limene pa Chingerezi amati bone; ndi nyama yopangidwa kuchokera ku tirigu. Ufa wa tirigu ukakandidwa n'kutsukidwa m'madzi mobwerezabwereza, zoyera zonse za ufawo zimachoka ndipo chotsala ndi chinthu chotamuka, chodzaza ndi mapuloteni, chimene chikaphikidwa ndi zokometsera chimatafunika ngati nyama. Luso limeneli ndi lakalekale ku China, kumene ansembe achibuda osadya nyama ankaligwiritsa ntchito, koma pano analiveka zovala za kumwera kwa America, ndipo nyama ya tiriguyo imabwera itapakidwa msuzi wofiira wotsekemera ndi wowawasa ngati umene amapaka nthiti zowotcha. Aliyense amene anadutsa kusukulu yogonera komweko, kapena amene anakhalapo pa lendi mwezi uli pakati, amaidziwa nyama ya soya ija timaitcha soya pisesi, ndipo amadziwa manyazi amene amabwera mlendo akakupeza ukuikazinga. Kalebone ndi wachibale wa ndiwo imeneyo, koma ndi yothina bwino, imagwira msuzi mpaka m'kati, ndipo ilibe kafungo ka nyemba zaziwisi kamene kamatsalira mu soya wophikidwa mothamanga. Sindinganame kuti munthu wotseka maso angaisokoneze ndi nthiti za ng'ombe, ndipo ndikuona kuti amene amaiweruza pa muyeso umenewo amalakwitsa funso. Amalume anatafuna nthawi yaitali, ngati akuyembekezera kuti aigwire bodza, kenako anati, "Nyama si nyama, koma ingatsitse nsima." Kuchokera pakamwa pawo, chimenecho ndi chiyamikiro chachikulu.

Makaroni ophikidwa mu uvuni, amene pa maphwando a anthu akuda a ku America sasowa ndipo mwamwambo amadzazidwa ndi tchizi, batala ndi mkaka, pano amaphikidwa ndi msuzi wachikasu wochokera ku zomera. Kukoma kwake n'kosiyana ndi kwa mwambo, n'kopepukirako, ndipo sakusiya ndi chilemerero cha m'mimba chimene chimakugoneka masana. Pali chifukwa china chimene chakudyachi chimakondedwera, chimene anthu sakonda kuchitchula patebulo: anthu akuda ambiri akakula matupi awo amalephera kugaya shuga wa mumkaka, ndipo mkaka umawatupitsa kapena kuwatsegula m'mimba. Munthu wotero amadya makaroni amenewa ndi ayisikilimu wa pano, amenenso alibe mkaka wa ng'ombe, mtima uli m'malo.

Pa ulendo wachiwiri ndinadya Garvey Burger pamodzi ndi saladi wothiridwa msuzi wawo wotchuka wa Prince dressing. Bagayo ndi wokhutitsa ndipo sayesa kudzibisa kuti ndi wa zomera, koma chimene ndinatsala nacho m'maganizo ndi dzina lake. Marcus Garvey, mtsogoleri wa ku Jamaica amene ankalalikira kuti anthu akuda azikhala ndi mabizinesi awoawo, anakhala m'ndende ya boma mumzinda womwewu wa Atlanta kuyambira mu 1925 mpaka mu 1927, pamene anathamangitsidwa m'dzikolo. Lero dzina lake lili pa mndandanda wa zakudya m'sitolo ya anthu akuda imene yapirira zaka zoposa 40, pa ntchito imene malo ambiri amatsekedwa asanakhazikike.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake mbale imeneyi ili ndi tanthauzo, ayenera kudziwa kumene soul food, zakudya zamwambo za anthu akuda a kumwera kwa America, inachokera. Dzinali linafala m'zaka za m'ma 1960, koma kaphikidwe kake n'ka nthawi ya ukapolo, pamene akapolo ankapatsidwa phoso la ufa wa chimanga ndi kanyama ka nkhumba kothira mchere, ndipo zotsalazo ankazipeza m'timinda tawo ta kuseri kwa nyumba ndi m'tchire. Therere, khobwe ndi mavwende, zimene mpaka pano zimatengedwa ngati zakudya za anthu akuda a kumwera, zinawoloka nyanja kuchokera ku Africa kuno. Pa mphika wa tsiku ndi tsiku nyama inali yongokometsera, ndipo nkhuku yokazinga inali ya Lamlungu, ya m'busa akabwera kudzacheza ndi ya pa chikondwerero. Nyama itatsika mtengo ndipo malo ogulitsa zokazinga atadzaza m'makona a misewu, chakudya cha pa chikondwerero chinasanduka cha tsiku lililonse, ndipo masamba anakankhidwira m'mphepete mwa mbale. Ife nkhani imeneyi sitiyenera kuimva ngati ya eni ake, chifukwa nafenso nkhuku inali ya alendo ndi ya pa Khirisimasi, pamene nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, kholowa, nyemba ndi mfutso ndizo zinatilera, koma lero amene wayamba kulandira malipiro amaonetsa kuti zake zayera pokhala pa chiwaya ndi pa kanyenya madzulo aliwonse. Chimene Soul Vegetarian imachita bwino, mmene ine ndikuonera, si kupanga nyama yabodza ayi, koma kubwezera masamba pakati pa mbale, ophikidwa ndi ulemu umene ena amausungira nyama yokha, n'kuwapereka kwa anthu amene agogo awo ankawalima.

Eni malowa sali okha pa maganizo amenewa. Dick Gregory, katswiri wa nthabwala amene ankamenyera nawo ufulu wa anthu akuda, anasiya nyama mu 1965 ponena kuti chiphunzitso chokana chiwawa sichingathere pa anthu okha, ndipo pambuyo pake anakhala zaka zambiri akuchenjeza anthu a mtundu wake kuti kadyedwe kakuwapha. Dexter, mwana wa Martin Luther King Jr., anatsatira njira yomweyo, ndipo mayi ake, Coretta Scott King, anakhala osadya chilichonse cha ku nyama kwa zaka pafupifupi khumi asanamwalire mu 2006. Achirasta nawo ali ndi kadyedwe kawo kopewa nyama kotchedwa ital. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center wa mu 2016 anapeza kuti anthu akuda 8 pa 100 aliwonse ku America amadzitcha osadya nyama, pamene mwa anthu onse a m'dzikolo ndi 3 okha pa 100 aliwonse. Chimodzi mwa zimene zikuwakankha n'chimene chinatitengera ife kumeneko, pakuti oposa theka la anthu akuda akuluakulu m'dzikolo ali ndi matenda othamanga magazi, ndipo matenda a shuga amawagwira kwambiri kuposa azungu.

Apa ndiyenera kuchenjeza owerenga, chifukwa pali chinyengo chimene munthu amadzinyenga nacho yekha akamva kuti chakudya chilibe nyama. Chinthu chokazingidwa m'mafuta ndi chokazingidwa basi, kaya ndi nkhuku kaya ndi kolifulawa, ndipo mchere ndi shuga sizifunsa kuti mbaleyo ndi ya vegan kapena ayi. Soul food, ngakhale yopanda nyama, ndi kaphikidwe kokonda msuzi wotsekemera ndi zokazinga, kotero amene watumidwa ndi dokotala asankhe mwanzeru: achulukitse masamba, saladi ndi mpunga wofiirira, atenge nyama ya tirigu pang'ono, ndipo zokazinga ndi zotsekemera azisiyire tsiku lapadera. Ubwino wa malowa ndi wakuti kusankha kumeneko n'kotheka, ndipo mbale yosankhidwa motero imakhalabe yokoma. Amene thupi lake limadana ndi tirigu asayandikire kalebone, popeza ndi tirigu yekhayekha, ndipo wodana ndi soya afunse asanaitanitse. Amene angakopeke mpaka kusiyiratu zonse za ku nyama adziwenso kuti vitamini B12 sapezeka mokwanira m'zomera, ndipo ayenera kumwa mapiritsi ake kapena kudya zakudya zimene anawonjezeramo vitaminiyu, chifukwa kusowa kwake kumachepetsa magazi ndi kuwononga mitsempha pang'onopang'ono munthu osazindikira.

Funso lalikulu, limene linandivutitsa pobwerera kunyumba, ndi lakuti mbale yabwino chonchi imafikira ndani. Mitengo ya pa Soul Vegetarian si yodabwitsa poyerekeza ndi malo ena odyera a mumzindawu, ndipo chakudya chimene amapakula n'chokwanira munthu wanjala. Komabe lesitilanti ndi lesitilanti, ndipo ndalama ya mbale imodzi, kulikonse kumene mungadye, ingagule khobwe, mpunga ndi masamba zodyetsa banja masiku angapo ngati pali pogula. Mabanja osauka ku America amalandira thandizo la boma logulira chakudya lotchedwa SNAP, limene kale linkadziwika kuti food stamps, koma lamulo lake silola kugulira chakudya chophikaphika chotentha, kupatula m'zigawo zochepa zimene zimalola okalamba, olumala ndi osowa pokhala. Izi zikutanthauza kuti mayi amene akufunikira kwambiri masamba amenewa sangawagule ndi khadi lake. Ayenera kuwapeza aawisi n'kukaphika yekha, ndipo apa m'pamene pali vuto lenileni.

Unduna wa zaulimi wa dzikolo umawerengera madera a anthu opeza zochepa kumene ambiri amakhala mtunda woposa mailo imodzi, kapena kuti makilomita 1.6, kuchokera pa supamaketi ngati ndi m'tauni, kapena mailosi 10 ngati ndi kumudzi, ndipo madera otere akhala akutchedwa food desert, kutanthauza chipululu cha chakudya. Mtunda wa mailo imodzi ungaoneke wochepa kwa ife ozolowera kuyenda pansi kupita kuchigayo, koma mumzinda womangidwira magalimoto, wa misewu ikuluikulu yosawolokeka, munthu wokalamba wopanda galimoto sangausenze ndi matumba m'manja. Karen Washington, mlimi wa m'tauni ku Bronx mumzinda wa New York, amakana mawu akuti chipululu chifukwa chipululu chimachita kulengedwa, pamene zimenezi zinapangidwa ndi anthu, ndipo iye amati food apartheid, kutanthauza tsankho pa chakudya, mawu amene abale athu a ku Johannesburg safunika kuwamasulira. Mabanki ankakana kubwereketsa ndalama m'madera a anthu akuda, misewu ikuluikulu monga I-20 inadulidwa kudutsa m'midzi yawo, azungu anasamukira kunja kwa mzinda, ndipo masitolo aakulu anawatsatira. Ku Vine City, kumpoto kwa West End, kumene King ankakhala ndi banja lake, supamaketi ya Publix imene inatsegulidwa mu 2002 inatsekedwa mu 2009. Supamaketi ya Walmart inabwera mu 2013, inatsekedwa moto utabuka mu December 2022, ndipo inatsegulidwanso mu 2024. M'zaka zapakatizo anthu a kumeneko ankakwera basi kuti akagule kabichi.

Ndinafuna kudzionera ndekha, choncho pa ulendo wachitatu ndinalowa m'kasitolo kena ka pakona m'dera loyandikana nalo, kamene sindikatchula dzina. Zakumwa zotsekemera zinadzaza mafiriji khoma lonse, tchipisi cha m'mapaketi ndi maswiti zinali mashelefu awiri, koma za m'munda zinali nthochi zochepa zakuda ndi anyezi wophukira m'kabasiketi pafupi ndi polipira, ndipo nthochi imodzi inandidya ndalama imene ndinachita nayo manyazi. Mayi wa ku Mchesi kapena ku Ndirande, amene amatuluka pakhomo n'kupeza mpiru, tomato ndi chigwada pa benchi ya mnzake, pa nkhani iyi yokha ndi wolemera kuposa anthu ambiri a mumzinda wa Atlanta, kwawo kwa Coca-Cola. Ndipo kusowa kumeneku kunayambira kumunda, chifukwa mu 1920 alimi akuda ku America analipo oposa 900,000, pafupifupi 14 pa alimi 100 aliwonse, pamene kalembera wa alimi wa mu 2017 anapeza osakwana 50,000. Pa mlandu wa Pigford v. Glickman, umene unathetsedwa mu 1999, boma linavomera kulipira alimi akuda amene ankasalidwa popempha ngongole zaulimi, koma ambiri anali atataya kale minda yawo.

Alipo amene akuyesetsa kutseka mpata umenewu. Bungwe la Truly Living Well, limene K. Rashid Nuri anayambitsa mu 2006, lili ndi dimba la m'tauni kufupi ndi West End kumene amalima ndi kugulitsa ndiwo zamasamba, ndipo la Wholesome Wave Georgia limachititsa kuti ndalama ya SNAP igule zowirikiza pa misika ya alimi imene likugwira nayo ntchito. Koma chichokereni kutsegulidwa kwa njira ya oyenda pansi ndi okwera njinga yotchedwa BeltLine kumbali ino ya mzinda mu 2017, mitengo ya nyumba ndi lendi yakwera, ndipo pali mantha akuti pofika nthawi imene chakudya chabwino chidzakhale pakona iliyonse, amene ankachisowa adzakhala atasamutsidwa ndi lendi.

Pamsewu womwewu pali malo ena awiri oyenera kuwatchula kuti owerenga adziwe posankha. Tassili's Raw Reality, ya mayi Tassili Ma'at, imagulitsa zakudya zosaphika, makamaka masamba aja otchedwa kale, aawisi, okometsedwa n'kukulungidwa, ndipo kwa wofunitsitsa kudya zopatsa thanzi imeneyo ndiyo yapita patali kwambiri, ngakhale kuti amalume sakanavomera kulipira ndalama pa masamba amene sanaone moto. Chakumadzulo, ku Westview, n'kumene Pinky Cole, amene anaphunzira ku Clark Atlanta ndipo makolo ake ndi a ku Jamaica, anatsegula sitolo yake yoyamba ya Slutty Vegan mu 2019, atayamba bizinesiyo chaka cha m'mbuyo mwake. Dzina lake ndi la mtundu umene sindikanalimasulira pamaso pa amalume, koma mabaga ake anakokera achinyamata ambiri, ngakhale odya nyama, pa mizere yaitali, ndipo imeneyo ndi ntchito imene maulaliki a madokotala analephera. Pa kaphikidwe, Soul Vegetarian ili pakati pa awiriwa, ndipo ndi yokhayo mwa atatuwa imene ndingatengereko munthu wachikulire amene akufuna kuona mbale yofanana ndi ya kwa mayi ake.

Kwa Mmalawi kapena Mzambiya wokhala ku Atlanta, kapena wongodutsa, malangizo anga ndi akuti pa ulendo woyamba aitanitse mbale ya nyama ya tirigu ndi zoperekeza, ndipo pa zoperekezazo collard greens ndi cornbread zisasowe. Akabwererako angathe kungoitanitsa zoperekeza zokhazokha, monga ndinachitira ine pa ulendo wachitatu, ndipo sadzaona kuti pali chimene chasowa. Amalume sanasiye nyama, ndipo sindinganene kuti chakudya cha tsiku limodzi chinasintha zimene makina a dokotala amawerenga. Koma pochoka tsiku lija anaitanitsa masamba aja tizibokosi tiwiri, ndipo madzulo akazi awo atathyakula nsima, anadya ndi masambawo popanda kufunsa za nkhuku imene inali mufiriji. Atasamba m'manja anandikumbutsa kuti Georgia ndi chigawo chimene chimalima mtedza wambiri kuposa zigawo zonse za America, kwawo kwa Jimmy Carter mlimi wa mtedza uja, ndipo anati, "Mphwanga, ukadzapitakonso ukawauze anthu amenewa za nsinjiro."